PAPSA TONOLA: UMITSANI MANGO NDI MASAMBA ZISANAOLE

Chaka ndi chaka m'midzi mwathu muoneka zinthu ziwiri zimene munthu akaziika pamodzi ayenera kudabwa. Choyamba chioneka m'dzinja. Mukapita pansi pa mitengo ya mango mwezi wa Disembala mupeza zipatso zili mbwee, ntchentche zaunjikana, ndipo ngakhale mbuzi zatopa nazo. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhwani, chitambe, bonongwe ndi chisoso zachuluka kumunda kotero kuti mayi angothyola nsonga zanthete zokha, zina zonse nazisiya. Chachiwiri chioneka m'chilimwe. Mwezi wa Okutobala kudimba kwauma, chitsime chaphwa, ndipo mayi yemwe uja ali ndi ufa m'dengu koma alibe ndiwo. Ayenda mtunda wautali kufuna masamba, kapena agulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti agule kamulu ka matimati pamsika. Tsiku lina ana angodyera mchere.

Banja lotere silisowa ndiwo chifukwa cha ulesi ai. Linalima, ndipo munda unabala. Chimene linasowa ndicho njira yotengera chakudya kuchokera m'mwezi wa mwanaalirenji kufikitsa m'mwezi wa usiwa. Nkhani yathu sabata ino ndi ya njira imeneyo. Tifuna kukuuzani za choumitsira cha dzuwa, chimene mwamuna aliyense wodziwa kugwira sowo ndi hamala angathe kumanga pakhomo pake, ndiponso za kakonzedwe ka zipatso ndi masamba zoti ziume bwino. Inu amene mudziwa kuwerenga, muwerengereko anzanu amene sadziwa.

MAKOLO ATHU ANAYAMBA KALE

Kuumitsa chakudya si nzeru yachilendo kuno kwathu. Agogo athu anali kufutsa nkhwani, khwanya ndi chitambe, nakulunga mfutsowo m'masamba a msuku, namanga chikwatu ndi luzi, nachipachika kudenga la khitchini. Anali kuyanika therere, bowa ndi makaka a chinangwa. Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ayanika masau kufikira lero. Amene anaona njala ya 1949, ndi ife amene tinaona ya 2002, tidziwa kuti nyumba imene inali ndi kanthu kouma kudenga inapirira kuposa nyumba imene inalibe.

Chotero sitikuti mutaye mfutso. Tikuti muukonze koposa kale. Pakuti kuyanika pamphasa pabwalo kuli ndi zovuta zake zimene mayi aliyense azidziwa. Mphepo ithira fumbi. Nkhuku zipalasa, mbuzi zidya, ndipo ntchentche zochokera kuchimbudzi zitera pa ndiwo zimene ana adzadya. Mtambo ukabwera mwadzidzidzi mayi ali kumunda, ntchito ya masiku awiri yaonongeka. Ndiponso dzuwa likaomba masamba mwachindunji liwachotsa maonekedwe obiriwira, ndipo pamodzi ndi kubiriwirako pachokanso zina zofunika m'thupi.

Vuto lalikulu koposa ndi ili: zinthu zichuluka nthawi imene dzuwa lili losadalirika. Mango apsa mvula itayamba, masamba achuluka mvula ili pakati. Munthu amene anayesapo kuyanika mango odula pamphasa mwezi wa Januwale adziwa kuti sauma, koma achita chuku ndi kununkha. N'chifukwa chake tifunika chida chimene chiumitsa msanga, chotseka mvula ndi ntchentche kunja.

CHIMENE CHIOLETSA CHAKUDYA

Chakudya chiola chifukwa cha tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, pamodzi ndi chuku. Zonsezi sizingakhale ndi moyo popanda madzi. Tsono zipatso ndi masamba ndi madzi okhaokha pafupifupi. Mukatenga makilogalamu 10 a matimati, oposa makilogalamu 9 ndi madzi. M'masamba madzi ali pafupifupi magawo 9 mwa 10, m'mango oposa magawo 8 mwa 10, ndipo m'nthochi ali ngati magawo 3 mwa 4. Mukachotsa madziwo tizilombo tisowa pokhala, ndipo chakudya chikhala miyezi yambiri.

Chachoka ndi madzi, koma chakudya chenicheni chatsala. Makilogalamu 10 a masamba apatsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya mfutso. Makilogalamu 10 a mango, mukachotsa makoko ndi nthanga ndi kuumitsa, atsala pafupifupi kilogalamu imodzinso. Madengu amene akadadzaza pakhonde alowa m'ndowa imodzi.

Kuti madzi achoke msanga pafunika zinthu ziwiri, kutentha ndi mpweya woyenda. Kutentha kokha sikukwana. Mukatsekera masamba m'bokosi lotentha lopanda potulukira mpweya, angochita thukuta ndi kupsa monga mumphika. Muganize za zovala: ziuma msanga tsiku la dzuwa ndi kamphepo, osati tsiku lotentha lopanda mphepo.

M'mizinda anthu ena agula zoumitsira zoyendera magetsi, zokhala ndi chotenthetsa ndi kachipupizira m'kati. Nzabwino ndithu, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndizo zinali kuunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Ife a kumudzi tili ndi dzuwa, ndipo dzuwa silitumiza bilu. Asodzi ena a kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima, anayamba kale kuyanika usipa m'matenti a pulasitiki m'malo mwa pathandala la pamtetete. Nzeru yake ndi yomweyi.

KAMANGIDWE KAKE

Choumitsira chimene tikulongosola pano chili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba chitenthetsa mpweya. Chigawo chachiwiri ndi kabati mmene muikidwa chakudya. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo ukwera wokha monga utsi ukwera kudenga. Chotero ulowa pansi, utenthedwa, upyola m'chakudya, nutuluka pamwamba utasenza chinyezi. Ubwino wake ngwakuti dzuwa siliomba chakudyacho, chiuma mumthunzi.

Yambani ndi chotenthetsera. Pezani lata limodzi lakale, lotalika ngati mamita awiri, losachita dzimbiri kwambiri. Litsukeni ndi kulipaka penti yakuda yosanyezimira, pakuti chinthu chakuda chimwa kutentha kwa dzuwa koposa choyera. Likhomereni m'bokosi la matabwa lofanana nalo kutalika ndi kufupika, lakuya masentimita 15. Pamwamba pa bokosilo kungani pepala la pulasitiki loonekera, lolimba. Pulasitiki yopyapyala ing'ambika ndi dzuwa isanathe nyengo imodzi, chotero funani yochindikala. Amene ali ndi magalasi a mawindo akale achita bwino koposa. Mbali ziwiri zazifupi za bokosi muzisiye zotsegula, koma ya kumunsi muitchinge ndi sefa kuti ntchentche ndi abuluzi asalowe.

Tsopano kabati. M'lifupi mwake alingane ndi bokosi lija, kuya kwake masentimita 60, ndipo msinkhu wake mita imodzi. Aime pa miyendo inai yotalika ngati masentimita 60. Zipupa zingakhale za matabwa, kapena za nsungwi zoluka zokutidwa ndi pulasitiki yakuda. Kumbuyo ikani chitseko chotseka bwino. Kumaso, pansi penipeni, siyani mpata woti mbali ya kumtunda ya bokosi lija ilowemo. Bokosilo likhala lopendeka, mutu wake m'kabati, mapazi ake pafupi ndi nthaka pa njerwa ziwiri. Matani mipata yonse polumikizira kuti mpweya wotentha usathawe. Pamwamba pa kabati siyani mpata wotulukira mpweya, wosachepa kuyerekeza ndi wolowera uja, muutchinge ndi sefa, ndi kuika kadenga ka lata kopitirira m'mbali kuti mvula isalowe.

M'kati mwa kabati khomani timitengo m'mbali monse, totalikirana masentimita 15, toti pazitsetsereka mathireyi anai kapena asanu. Thireyi ndi felemu ya matabwa yokhala ndi pansi pa mabowo. Pansipo pangakhale pa nsungwi zong'amba bwino zoluka motalikirana, kapena pa sefa ya pulasitiki.

Pano tichenjeze zinthu ziwiri. Musayale zipatso pa waya wa chitsulo kapena pa lata, chifukwa madzi owawasa a zipatso adya chitsulo, ndipo zimene zasungunukazo zilowa m'chakudya. Koposa zonse, musadule neti ya udzudzu kuti muyalepo chakudya. Maneti amene alandiridwa kuchipatala ali ndi mankhwala opha udzudzu, osayenera kukhudza chakudya, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana anu ku malungo.

Mukatha kumanga, chisiyeni padzuwa chopanda kanthu masiku atatu kapena anai kuti fungo la penti lithe.

POCHIIKA

Sankhani malo a pamtetete, opanda mthunzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, otalikirana ndi chimbudzi, khola ndi dzala. Dziko lathu lili kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, chotero miyezi yambiri ya chaka, makamaka nthawi ya chisanu, dzuwa la masana lipendekera kumpoto. Bokosi lakuda liyang'ane kumpoto nthawi imeneyo. Koma mwezi wa Disembala ndi Januwale, nthawi ya mango, dzuwa lipita pamutu, lopendekera pang'ono kumwera. Njira yapafupi ndiyo kuzika kamtengo pansi ndi kuona mthunzi wake masana. Kumene mthunzi waloza kukhale kabati, ndipo bokosi lakuda likhale mbali inayo.

Nyerere zikonda mango monga ana. Imikani mwendo uliwonse m'chitini cha madzi, kapena thirani phulusa mozungulira. Ikani mwala kapena njerwa pansi pa miyendo chifukwa cha chiswe. Kumene kuomba mphepo yamphamvu mangirirani kabati ku zikhomo.

Mpweya woyenera m'kabati ndi wotentha madigiri 50 kufikira 60. Ambiri tilibe choyezera, koma dzanja liuza. Masana ikani dzanja pa mpata wa pamwamba. Mukamva mpweya wotentha ukutuluka, chida chanu chikugwira ntchito. Mukaona thukuta m'kati mwa zipupa, mpata wotulukira wachepa, ukulitseni. Kutentha kopitirira muyeso nakonso nkoipa: chipatso chiuma khungu lokha nkutsekera madzi m'kati, ndipo chidzaola m'tsogolo chili m'chosungira.

MASAMBA

Thyolani m'mawa, masamba anthete ndi abwino okhaokha, monga mukadasankha ophika lero. Choumitsira sichisandutsa tsamba lokalamba kukhala lanthete. Ngati kudimba munapopera mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo musanathyole. Sambani m'manja ndi sopo. Sadzulani nkhwani, chotsani mapesi olimba, tsukani ndi madzi oyera, ndipo muduledule pambuyo potsuka, osati musanatsuke.

Amai ambiri pofutsa awiritsa masamba nthawi yaitali kufikira afiira, ena nathirako soda. Apa mpamene zabwino zambiri zitayika. Chofunika ndi kungowaviika m'madzi owira kale, othira mchere pang'ono, mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Kuviika kumeneku kupha tizilombo ndi kuletsa masamba kusintha maonekedwe ndi fungo pamene asungidwa. Ikani ochepa nthawi imodzi kuti madzi asaleke kuwira. Atsanuleni m'nsengwa yoyera kuti madzi akhe, ndi kuwayala pa thireyi mopyapyala, osaunjika. Soda musathire konse.

Nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe, luni, chisoso, kholowa, mpiru ndi repu zonse ziuma bwino motere, tsiku limodzi kapena awiri dzuwa likakhala labwino. Mfutso wake utuluka wobiriwira, ndipo ukaphikidwa ufanana ndi masamba a kumunda. Chigwada chokha muchisinje ndi kuchiwiritsa mokwanira monga mwa masiku onse musanachiumitse, pakuti masamba a chinangwa aawisi ali ndi poizoni amene achoka ndi kusinja ndi kuphika.

MANGO NDI ZIPATSO ZINA

Sankhani mango akupsa koma olimba, othyola mumtengo. Otola pansi, ofewa kwambiri kapena oboola ndi mphutsi asiyeni. Mango a mnofu wambiri ndi ulusi wochepa ndiwo abwino, monga maboloma ndi a mitengo yolumikiza onga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins. Tsukani, sendani ndi mpeni woyera wosachita dzimbiri, ndi kudula zidutswa zopyapyala, zochindikala ngati theka la sentimita. Zidutswa zonse zifanane, kuti zidzaume nthawi imodzi.

Kuti zisade, finyirani mandimu awiri kapena atatu m'lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, ndi kuviikamo zidutswazo mphindi zisanu. Izi nzofunika makamaka pa nthochi, zimene zida msanga. Yalani chidutswa chilichonse pachokha, chosagundana ndi chinzake. Tembenuzani kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndi kusinthanitsa mathireyi, a pamwamba kubwera pansi, popeza a pansi alandira mpweya wotentha koposa. Mango atenga masiku awiri kapena atatu.

Nthochi, zinanazi ndi mapapaya osafewetsa zikonzedwa chimodzimodzi. Mapeyala okha musavutike nao, ali ndi mafuta ambiri ndipo akauma sakhalitsa, ayamba kununkha.

MATIMATI, THERERE, MBATATA NDI BOWA

Amene anapitako pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi imene matimati achuluka adziwa mmene mlimi alirira. Wogula atchula mtengo umene afuna, pakuti adziwa kuti mawa katunduyo aola. Mlimi amene ali ndi choumitsira sakakamizika kutaya onse pa mtengo wolira. Agulitse abwino, ndipo otsala aumitsire banja lake. Dulani matimati ofiira olimba m'zidutswa zozungulira, wazani mchere pang'ono, ndi kuyala. Popeza ali ndi madzi ambiri, atenga masiku atatu kapena anai. Akauma gwa mungawasinje mumtondo woyera, ndipo supuni ziwiri za ufa wake zikometsa mphika wa ndiwo.

Therere lobala lidulidwe mozungulira ndi kuyalidwa losawiritsa. Anyezi ndi tsabola aumanso bwino, koma muziumitse pa tsiku lawolawo, kuti fungo lisalowe m'zipatso. Nsomba ndi nyama musaziike konse m'kabati ya zipatso.

Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi zambiri zimene thupi lisandutsa vitamini A, koma ikayanikidwa padzuwa lamtetete masiku ambiri zina mwa zimenezi zitayika. M'kabati iuma mumthunzi. Isendeni, iduleni mopyapyala, ndipo ikauma mungaisinje kukhala ufa wothira m'phala. Ufa umenewu musausunge nthawi yaitali, muudye m'miyezi iwiri yoyamba.

Za bowa tinene mosabisa. Kuumitsa sikuchotsa poizoni. Bowa woipa akauma ali woipabe, ndipo pamenepo nkovuta kumzindikira. Umitsani bowa yekhayo amene akulu a pamudzi amdziwa bwino, ndipo musasakanize mitundu.

MITAMBO IKAVUTA

Tisakunamizeni, choumitsira cha dzuwa chifuna dzuwa. M'dzinja masiku ambiri kucha bwino, mvula nkubwera masana kapena madzulo. Chotero konzani zinthu m'mamawa, kuti pofika 8 koloko zikhale zili m'kabati. Tsiku loyamba ndilo lofunika koposa, pakuti chakudya chikataya madzi ambiri tsiku limenelo chuku sichipeza mpata. Mukadzuka kumwamba kuli bii, ndi mvula ya mswera yosaoneka kutha, musadule kanthu tsikulo. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje achenjerenso ndi chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Dzuwa likalowa, mpweya wa usiku ubweza chinyezi. Tsekani mipata ndi nsalu, kapena lowetsani mathireyi m'nyumba ndi kuwaphimba. Ngati mvula yakupezani zinthu zili pakati pouma, ikani mathireyi pamwamba m'khitchini, patali ndi malawi, pamene pafika kutentha kwa makala moto utazilala. Zidzamveka utsi pang'ono, koma sizidzatayika. Chilichonse chimene chachita chuku chitayeni kudzala. Musachipale pamwamba ndi kudya chotsala, ndipo musapatse ana. Mitundu ina ya chuku ili ndi poizoni woononga chiwindi, amene satha ngakhale muphike.

KUDZIWA KUTI ZAUMA, NDI KUSUNGA

Anthu ambiri alakwa pano, atagwira bwino ntchito yonse. Tengani zidutswa zingapo, muzisiye zizizire, pakuti chinthu chotentha chinamiza. Masamba ouma afumbutuka mukawafinya m'dzanja. Therere ndi mbatata zithyoka ndi kulira. Mango ndi nthochi sizithyoka, zipindika ngati chikopa, koma mukadula ndi kufinya pasatuluke madzi, ndipo zidutswa ziwiri mukazipanikiza pamodzi zilekane zokha.

Zikazizira ziikeni m'chosungira chouma ndi chotseka bwino: botolo la galasi, ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro, kapena mtsuko womata pakamwa. Musagwiritse ntchito chigubu kapena thumba limene munali mankhwala a mbewu kapena feteleza. Sabata yoyamba yang'anani tsiku ndi tsiku ndi kugwedeza botolo. Mukaona thukuta m'kati, bwezerani zonse m'choumitsira tsiku lina. Ndi bwino kusunga m'zosungira zazing'ono zambiri kusiyana ndi chachikulu chimodzi, chifukwa nthawi iliyonse mutsegula mulowa chinyezi. Mwana wa sukulu alembe mwezi pa chilichonse, kuti muyambe kudya zakale.

Ikani pamalo a mdima, ozizira, okwera, posafika makoswe. Chikwatu cha makolo chikadali chabwino kwa mfutso, malinga masamba okulungira akhale ouma ndipo denga lisadonthe. Zouma bwino ndi zosungidwa bwino zifika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Werengani nokha: mfutso wa mwezi wa Malichi ndi Epulo ufika Okutobala, nthawi yeniyeni ya usiwa wa ndiwo.

PHINDU LAKE KWA ANA

Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Zifukwa zake nzambiri, ndipo mfutso wokha sungathetse zonse. Koma chimodzi mwa izo ndi kudya chakudya cha mtundu umodzi tsiku ndi tsiku. A zaumoyo atiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo awiri mwa magulu amenewa ndiwo masamba ndi zipatso. Nsima ikhutitsa, koma payokha simanga thupi la mwana.

Masamba obiriwira, mango, mapapaya ndi mbatata yofiira zipatsa vitamini A, amene athandiza maso kuona bwino kukada ndi thupi kulimbana ndi matenda. Masamba apatsanso ayironi wothandiza magazi, amene satha ndi kuumitsa. Koma vitamini C, amene ali m'zipatso zaziwisi, ambiri atayika ndi kutentha. Chotero zouma sizilowa m'malo mwa zaziwisi. Nthawi ya zipatso ana adye zipatso mmene angathere. Muumitse zotsala zokha.

Pophika mfutso, uviikeni m'madzi ochepa kanthawi, ndi kuuphika m'madzi omwewo osawataya. Tenderani nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono, pakuti vitamini A alowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta. Mwana amene wakwana miyezi isanu ndi umodzi ndipo wayamba phala, mungamsinjire mfutso, kuusefa, ndi kuthira kasupuni kamodzi m'phala likali pamoto, uku akuyamwabe. Mango ouma ndi kamba wabwino wa ana a sukulu ndi wa abambo a paulendo. Kwa ana aang'ono muyambe mwawaviika m'madzi owiritsa kuti afewe, angatsamwe nao.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Wina adzati, lata ndi pulasitiki ndi misomali ndizitenga kuti? Nzoona, zifuna ndalama. Koma sikofunika kuti nyumba iliyonse ikhale ndi chake chaka choyamba. Mabanja anai kapena asanu oyandikana, kapena kalabu ya alimi, kapena gulu la banki mkhonde, angasonkhe ndi kumanga chimodzi, nagawana masiku. Wina apereka lata lakale, wina nsungwi, wina luso la ukalipentala. Mugwirizane poyamba za amene adzachisamala ndi kuchitsuka, pakuti chinthu cha onse chikasowa mwini chionongeka msanga. Nyengo ikatha chotsani pulasitiki ndi kuisunga m'nyumba.

Za malonda tinene pang'ono. Mfutso woyera wobiriwira ugulika pamsika m'chilimwe, ndipo anthu a m'tauni aufuna. Koma yambani mwadzaza zosungira za pakhomo. Nkupusa kugulitsa mfutso wonse mwezi wa Juni ndi kukagula masamba odula mwezi wa Novembala. Gulu limene lifuna kulongedza m'mapaketi ndi kugulitsa m'masitolo liyenera kuonana ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, kuti katundu wao ayesedwe ndi kuvomerezedwa.

YAMBANI TSOPANO

Mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino anali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Mu 2023, namondwe Freddy anakokolola minda yambiri m'chigawo cha kumwera. Palibe adziwa chimene chaka chamawa chidzabweretsa, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Chimene tidziwa nchakuti mitengo ya mango idzabalanso, ndipo nkhwani idzayanganso m'mizere ya chimanga.

Nthawi yomanga choumitsira si tsiku limene mango ayamba kugwa ai. Pamenepo aliyense ali kalikiliki ndi kubzala ndi kupalira. Mangani m'chilimwe ntchito ya kumunda isanachuluke, ndi kuchiyesa ndi matimati kapena mpiru wa kudimba, kuti pofika dzinja mukhale mutachizolowera. Abambo, ntchito ya matabwa ndi yanu, ndipo musaleke amai kusenda okha madengu a mango. Mafumu ndi anyakwawa, kambani nkhani iyi pabwalo. Amene afuna kuona ndi maso asanayambe apite kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao, kapena afunse alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo ya ana. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.